Hamala Kapena Pulesi: Mkangano wa Bering'i ya Propshaft ku Mzimba

Pikapu ikayamba kunjenjemera pansi pa mpando nthawi yonyamuka, kenako n'kumamveka kulira kochokera pakati pa galimoto komwe kukukula liwiro likamakwera, madalaivala a matola a pa Jenda ndi pa Mzimba boma sachedwa kuitchula nthendayo. Kawirikawiri imakhala centre bearing, bering'i yonyamula propshaft pakati. Kachipangizoka n'kakang'ono, konyamulika ndi dzanja limodzi, ndipo kukapeza sikuvuta: ukangogona chagada pansi pa galimoto, kali pomwepo. Ntchito ili pochotsa. Bering'i imene yakhala zaka ikumwa fumbi ndi madzi amatope imagwirana ndi shafiti moti siimva kukoka kwa manja. Apa ndi pamene eni galimoto ndi amakaniko amasiyana maganizo. Ena amati ichotsedwe pompo ndi hamala, tchizulo ndi girayinda kuti galimoto ibwerere pamsewu lero lomwe. Ena amati shafiti imasulidwe, ikwezedwe minibasi, ipite kumene kuli pulesi, chida chokankha zitsulo ndi mphamvu yaikulu, ngakhale kutakhala ku Mzuzu kapena ku Kasungu. Onsewa ali ndi mfundo zogwira mtima, ndipo aliyense wa iwo angakuonetseni galimoto yochitira umboni mbali yake.

Tiyambe taona ntchito ya chitsulochi. Injini ndi giyabokosi zili kutsogolo, matayala okankha galimoto ali kumbuyo, ndipo propshaft ndi mpope wachitsulo wotenga mphamvu ku giyabokosi kukaipereka ku difu. Mpope wautali ukamazungulira mothamanga umayamba kupindikira pakati n'kumakwapula. N'chifukwa chake pa mapikapu ambiri aatali, monga Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody, Ford Ranger ndi Mazda BT-50, opanga adaugawa pawiri n'kuika chonyamulira pafupi ndi polumikizira. Chonyamuliracho chili ndi zigawo zitatu: bering'i yotsekedwa yokhala ndi girisi wake mkati, labala wochindikala woizungulira, ndi bulaketi yomangidwa ku chesisi ndi mabawuti awiri. Pikapu ikamayenda makilomita 100 pa ola, shafiti yake imazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi, omwe ndi maulendo 50 pa sekondi. Chiwerengerochi tichisunge, pakuti mkangano wonse watsamira pa icho.

Kum'mwera kwa Mzimba chipangizochi sichikhalitsa. Phula lili pa M1 yodutsa pa Jenda, pa msewu wolowera pa boma, ndi pa gawo lina la msewu wa Jenda kupita ku Edingeni. Kwina kochuluka, kaya ndi ku Khosolo, ku Emfeni, ku Mabiri kapena ku Manyamula, galimoto imayenda pa dothi. M'chilimwe fumbi losalala limalowa paliponse pamene pali kampata. M'dzinja pikapu imawoloka timitsinje tothira mu South Rukuru, ndipo bering'i yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera m'zotsekera zake, girisi n'kusanduka phala. Pamwamba pa izi pali katundu. Pikapu yolembedwa tani imodzi iyenera kunyamula matumba 20 a makilogalamu 50, koma nthawi yokolola si zachilendo kuiona itasenza oposa apo, anthu atakhala pamwamba. Masipuling'i akagona, kapena mwini akawonjezera ena kuti galimoto itukuke, shafiti siikhalanso mmene opanga adaiyezera, ndipo woyamba kuvutika ndi labala wa pakati uja. Oyilo wodontha ku giyabokosi naye amaufewetsa labalayo mpaka kung'ambika.

Kufa kwake kuli pawiri, ndipo khutu lozolowera limasiyanitsa. Labala akang'ambika, galimoto imagwedezeka ponyamuka, makamaka itasenza kapena ikukwera chitunda, ndipo pamamveka kugunda pansi ukalowetsa giya. Bering'i yeniyeniyo ikauma, pamamveka kulira kotsatira liwiro la galimoto, osati la injini, moti ngakhale uchotse giya kuti iziyenda yokha phokoso silisiya. Makaniko wabwino amayamba wagwedeza shafiti ndi manja, n'kuyesanso ma universal joint, tizitsulo tonga mtanda tomwe tili kumapeto kwa chigawo chilichonse. Nthawi zambiri mtanda wouma ndi umene umapha bering'i, ndipo kusintha bering'i yokha kusiya mtandawo n'kungochedwetsa maliro achiwiri.

Pa chiyambi cha ntchito palibe amene amatsutsana. Matayala amatsekedwa ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa shafiti ikachoka giya sagwiranso galimoto. Munthu sagona pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, makaniko amaika zizindikiro ndi penti kapena ponchi pa flanji ya ku difu ndi polumikizira zigawo ziwirizo, kuti chilichonse chikabwerere mmene chidalili. Akatero amamasula mabawuti anayi a ku difu, awiri a bulaketi, n'kusolola shafiti. Pa galimoto zimene shafiti imangolowa m'giyabokosi, oyilo amatuluka ngati pabowopo sipatsekedwa. Kenako zigawo ziwiri zija amazilekanitsa. Pa Hilux pamakhala nati yaikulu yofinyidwa m'mphepete kuti isamasuke yokha. Amaiwongola pofinyidwapo, kuimasula, n'kuzula flanji yomwe yakhala pa mano a shafiti. Chotsala tsopano ndi bering'i yakufa ija, itakumbatira khosi la shafiti. Njira zimapatukira pamenepo.

Okonda hamala mfundo yawo yoyamba ndi nthawi. Kum'mwera kwa Mzimba pikapu si galimoto yokacheza nayo. Ndi imene imatulutsa tomato, anyezi ndi mbatatesi m'madimba kukafikitsa pamsika wa Jenda, imatuta chimanga ndi mabelo a fodya, imanyamula odwala usiku kupita ku chipatala cha mishoni ku Embangweni kapena ku chipatala chachikulu cha pa boma, ndipo pamaliro ndi yomweyo. Ikaima tsiku limodzi pakati pa Meyi ndi Julayi, mwini wake wataya ndalama zomwe sadzazipezanso mu Febuluwale, ndipo tomato sadikira shafiti yomwe yapita ku Mzuzu. Kuchoka pa boma kukafika ku Mzuzu kudzera ku Chikangawa ndi makilomita oposa 100. Kuchoka pa Jenda kupita ku Kasungu ndi oposa 70. Wochokera ku Khosolo ayenera kuyamba wafika pa M1. Kupita, kudikira pamzere, kubwerera, masiku awiri atha. Makaniko wa pansi pa mtengo amangoti, "Adada, pofika masana mukhala mukunyamuka," ndipo mwini galimoto amakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mfundo yachiwiri ndi ndalama. Kuyambira pomwe kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja idakwera mtengo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kudachititsa kuti ogulitsa aziika mitengo yotsatira msika wa mumsewu. Munthu akagula bering'i thumba limakhala litapepuka kale. Kuwonjezerapo thiransipoti ya iye mwini, malipiro a shafiti m'minibasi, chakudya, pogona ndi ndalama ya pulesi, zowonongedwa panjira zikhoza kufanana ndi mtengo wa sipeyayo kapena kuuposa. Kwa munthu amene galimoto yake imayenda makilomita 40 pa ola m'misewu yadothi, kulipira zonsezi kuti ntchito ichitike mwa buku kumaoneka ngati kuseweretsa ndalama.

Mfundo yachitatu ndi yaluso, ndipo anthu a pulesi sakonda kuivomera. Bering'i yakufa ilibenso ntchito, choncho palibe chifukwa choichotsera yamphumphu. Makaniko wodziwa amadula labala ndi mpeni, bulaketi n'kugwa. Amadula mphete yakunja ndi girayinda, timipira tachitsulo n'kutayika, pa shafiti n'kutsala mphete yamkati yokha. Mpheteyo amaicheka mopendeketsa, mosamala, osafika pa shafiti, kenako amaika tchizulo m'mng'aluwo n'kumenya kamodzi kapena kawiri. Chitsulo cha bering'i n'cholimba koma sichipindika, chimangothetheka. Mphete ikang'aluka imamasuka n'kutuluka ndi zala. Ikachitika bwino njirayi, shafiti imalandira nkhonya zochepa kwambiri. Ngakhale m'magalaja akuluakulu a m'mizinda amachita zomwezi pamene puller, chida chozulira bering'i, yasowa pogwira. Tsono amene amati njira ya kumudzi ndi umbuli chabe sadaonepo munthu wa manja abwino akuichita.

Amawonjezanso kuti pulesi nayo imalakwa. Pulesi ya matani 10 kapena 20 ili ndi mphamvu zopinda shafiti m'kanthawi kochepa ngati mnyamata woigwiritsa ntchito waika chitsulo mokhota kapena watsamiritsa pamalo olakwika. Ulendo wa shafiti nawonso uli ndi zake: m'minibasi imaponyedwa kumbuyo, pamwamba pake n'kusanjikapo matumba, ndipo mpope wake wopyapyala ukhoza kufika utaphwanyika. Pomaliza pali nkhani ya kudziwana. Makaniko wa pa Embangweni kapena pa Luwerezi mumapemphera naye, mumakumana pamaliro, ndipo galimoto ikanjenjemera mawa mumabwerera kwa iye n'kukonzanso osalipira kawiri. Wa m'tauni uja mukamulipira, mwina simudzamuonanso.

Okonda pulesi samakana kuti alipo amakaniko a manja abwino. Chomwe amafunsa n'chakuti ndi angati, ndipo mwini galimoto angawadziwe bwanji ntchito isanayambe. Zomwe amaziona kawirikawiri ndi zina. Bering'i ikakana, munthu wosaleza mtima amaimika shafiti, n'kuyamba kumenya kunsonga kwake kuti itsike m'bering'imo. Kunsongako ndi kumene kuli mazinga a nati yaikulu ija. Nkhonya zingapo, nsonga yatupa, nati yakana kulowa. Akaikakamiza mazinga amatha, ndipo nati yosagwira bwino imasiya flanji ikusewera pa mano a shafiti mpaka manowo atadyeka. Pofika apa vuto silikhalanso la bering'i. Pakufunika chigawo chonse cha kutsogolo, ndipo shafiti, ngakhale yogwirapo kale ntchito, mtengo wake umaposa wa bering'i kangapo konse, mwinanso osapezeka msanga mpaka woitanitsa ku Lilongwe kapena ku Joni atabwera nayo. Amene ankathawa masiku awiri amapezeka waimitsa galimoto mwezi wathunthu.

Girayinda nayo siikhululuka. Dzanja likangoterereka pang'ono, khosi la shafiti limachekeka, ndipo bering'i yatsopano ikhoza kukhala yosagwira mokwanira n'kumazungulira pa shafiti m'malo mozungulira mkati mwake. Komanso girayinda imadalira magetsi a ESCOM. Akazima, makaniko amabwerera ku hamala yaikulu kapena ku moto wa gasi. Moto umamasuladi zitsulo, koma ukapitirira umaotcha girisi ndi tizotsekera ta universal joint yoyandikana nayo, ndiponso umafewetsa chitsulo chomwe opanga adachilimbitsa dala. Palinso maso a munthu. Chitsulo chothetheka chija chikamenyedwa chimalumpha tizidutswa takuthwa, ndipo m'magalaja ambiri a m'mbali mwa msewu magalasi otchinjiriza maso sapezeka. Mnyamata wophunzira ntchito ndi amene amagwirizira tchizulo, nkhope yake ili pafupi.

Mfundo yawo yamphamvu koposa siili pochotsa, ili poika yatsopano. Bering'i iyenera kukankhidwa pa mphete yamkati yokha, molunjika, pang'onopang'ono. Munthu akaimenya pa bulaketi kapena pa mphete yakunja, mphamvu ya nkhonya imadutsa m'timipira tija n'kusiya timaenje m'njira yomwe timayendamo. Timaenjeto sitioneka, galimoto imanyamuka ili zii, koma pakatha miyezi yochepa kulira kumayambiranso. Mwini galimoto amakalipira wogulitsa kuti adamupatsa feki, chonsecho bering'iyo idavulala tsiku lomwe idaikidwa. Amatchulanso kamangidwe ka nati. Buku la Toyota la ma Hilux akale limati nati imangidwe kufika pa 181 N·m kuti bering'i ikhazikike, imasulidwe, imangidwenso pa 69 N·m, kenako ifinyidwe m'mphepete. Popanda sipanala yoyezera, munthu amangodalira mkono ndi mpope wowonjezera, ndipo mikono ya anthu siifanana.

Kenako amabwerera ku maulendo 50 pa sekondi aja. Shafiti imachoka ku fakitale itayezedwa kulemera kwake mbali zonse, ndipo tizitsulo tating'ono towotcherera pa mpope tili pamenepo chifukwa cha muyesowo. Kuifinya kwambiri m'vayisi, kuigoneka pa mwala pomenya, kapena kugwetsa kachitsulo kamodzi, muyeso watha. Kuiwala zizindikiro n'kulumikiza zigawo dzino limodzi pambali, mphanda zogwira mitanda sizilunjikananso. Mphamvu ya kugwedezeka imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Chilema chomwe sichimveka pa makilomita 40 ku Khosolo chimanjenjemeretsa galimoto yonse ngati chigayo ikafika pa 100 pa M1, msewu womwe ntchito yowukonzanso kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kudzafika pa mphambano ya Mzimba idayamba mu 2022. Msewu ukasalala madalaivala amaponda. Kunjenjemerako kumadya mitanda, chotsekera oyilo cha giyabokosi ndi mabering'i a difu, ndipo shafiti ikaduka galimoto ili pa liwiro imakwapula mapaipi a mabuleki ndi thanki ya mafuta, kapena kuzika nsonga pansi. Pikapu ya matola kumbuyo kwake kumakhala anthu. Kwa a mbali iyi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikaziika pa sikelo mfundozi, chimaonekera n'chakuti mbali ziwirizi zikukamba ntchito zosiyana pansi pa dzina limodzi. Kuchotsa bering'i yakale, kuika yatsopano, ndi kubwezeretsa shafiti mmene idalili, ndi ntchito zitatu. Pa yoyamba a hamala ali ndi chilungamo, bola nkhonya zigwere pa bering'i yakufa osati pa shafiti. Pa yachiwiri chilungamo chili kwa a pulesi, pakuti bering'i yatsopano siifuna nkhonya yosalunjika ngakhale imodzi. Yachitatu siidalira chida chilichonse chodula: penti wa zizindikiro ndi wotchipa, ndipo amaiwalika m'galaja ya m'tauni monga momwe amaiwalikira pansi pa mtengo. Chofooka cha a hamala n'chakuti amawerengera mtengo wa ntchito ikayenda bwino, osawerengera wa shafiti ikawonongeka. Chofooka cha a pulesi n'chakuti amayankhula ngati pulesi ili pakhomo pa aliyense, pomwe imapezeka m'magalaja ochepa, ndipo ukamatalikira pa boma ndi pa M1 imasoweratu.

Chachiwiri choyenera kuyeza ndi ntchito ya galimotoyo, chifukwa ku Mzimba mapikapu ali mitundu iwiri. Ulendo wa ku South Africa ndi wakale m'bomali, kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe olemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo utatha ulendo wa makontirakiti a m'migodi anthu adapitiriza ulendowu podziyendera okha. Mu 2006 wofufuza wina, Jens Andersson, adalemba mu African Affairs za apaulendo ndi amalonda a ku Mzimba amenewa. Pa ulendowu padabadwa ntchito ya matransipota, omwe amayenda pakati pa Mzimba ndi Johannesburg ndi mapikapu okoka ngolo, kutenga anthu popita ndi katundu pobwera. Ulendo umodzi ndi makilomita oposa 2,000, kudzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, galimoto itasenza, ili pa liwiro maola ambirimbiri. Galimoto yotere shafiti yake ikafa pakati pa Tete ndi Nyamapanda, ndalama zoikokera ndi zogona panjira zimalipidwa m'ndalama zakunja. Kwa transipota masiku awiri a ku Mzuzu ndi otchipa, ndipo ngati shafiti idagundapo mwala, ndi bwino ikayezedwe pa makina m'mizinda ikuluikulu kumene amapezeka. Koma pikapu yokalamba yomwe moyo wake wonse uli pakati pa dimba, chigayo ndi msika, yosapitirira giya yachitatu, chiopsezo chake n'chochepa, ndipo mwini wake akasankha makaniko wodekha wa pafupi sadalakwe.

Pali china chimene chimasokoneza umboni wa mbali zonse ziwiri, ndicho sipeya yeniyeniyo. M'mashopu a masipeya muli ma centre bearing a mitengo yosiyanasiyana, ena a orijino, ena a makampani odziwika, ena a m'mabokosi okongola koma labala wake wouma kapena wofewa mopitirira. Bering'i yachabe imafa msanga ngakhale iikidwe ndi pulesi yabwino chotani, ndipo yabwino ikhoza kupirira nkhanza pang'ono n'kukhalitsa. Motero aliyense ali ndi nkhani yotsimikizira zomwe amakhulupirira kale. Ena potopa amasankha kugula shafiti yathunthu yochotsedwa pa galimoto ina, zomwe zimapulumutsa ntchito yomenya koma zimabweretsa bering'i yosadziwika zaka zake. Ena amauza wowotcherera kuti alumikize zigawo ziwirizo ikhale shafiti imodzi yopanda bering'i. Njira imeneyi ndi yokhayo yomwe mbali zonse ziwiri ziyenera kuikana, chifukwa ikubwezeretsa vuto la mpope wautali wokwapula lomwe opanga ankalithawa, ndipo shafiti yowotcherera ndi maso siingalunjike.

Pakati pa hamala ndi ulendo wa ku Mzuzu pali malo aakulu omwe mkanganowu umawadumpha. Pulesi si makina a magetsi. Ndi felemu yazitsulo zolimba ndi jeke wa botolo, zinthu zomwe wowotcherera waluso wa pa Jenda kapena pa boma angathe kulumikiza, ndipo ikapangidwa imathandizanso pa mabering'i a matayala ndi mabushi a masipuling'i. Puller ya miyendo iwiri kapena itatu imalowa m'chikwama. Ngakhale popanda zonsezi, kachidutswa ka mpope kolingana ndi mphete yamkati kamachititsa kuti nkhonya zopepuka zigwere pamalo oyenera, ndipo nati yakale yobwezeredwa kunsonga imateteza mazinga. Kutsuka khosi la shafiti ndi sandipepa wosalala n'kupakapo oyilo kumachepetsa mphamvu yofunika. Pa mapikapu a 4x4 omwe shafiti yake yakumbuyo imamangidwa ndi flanji, munthu akhoza kuichotsa, kulowetsa giya ya matayala onse anayi, n'kuyenda pang'onopang'ono ndi matayala akutsogolo, wopanda katundu, mpaka kumene kuli zida. Izi ndi zomwe achinyamata ophunzira umakaniko kudzera ku TEVETA kapena ku Mzuzu Technical College angabweretse m'magalaja a kwawo, n'kuziphatikiza ndi luso la akuluakulu omwe adaphunzirira pa galimoto zenizeni za m'misewu imeneyi.

Mwini pikapu sangakhale makaniko, koma angathe kuima pafupi n'kufunsa mwaulemu. "Akulu, zizindikiro mwaika? Mumenya pati? Yatsopanoyi muilowetsa ndi chiyani? Mitanda mwaiyesa?" Makaniko amene akuyankha mafunso amenewa mosakwiya, akuloza ndi chala, angapatsidwe ntchitoyo ngakhale galaja yake ili pansi pa mtengo. Amene wanyamula kale hamala yaikulu shafiti isanalembedwe, ndi bwino kumuthokoza n'kukakwera minibasi. Ntchito ikatha galimoto iyesedwe yopanda katundu pa phula, liwiro likwere pang'onopang'ono kufika pa 60, kenako 80. Ikakhala bata, hamala yapambana ndipo ndalama zapulumuka. Ikanjenjemera, isakwezedwe munthu kapena thumba mpaka shafiti itatsitsidwanso, pakuti posankha njira mtengo woyenera kuuwerengera ndi wa shafiti ndi wa anthu okhala kumbuyo, osati wa bering'i yokha.